Dzuwa tili nalo, nanga mafupa a agogo akuthyokeranji? Mbiri ya vitamini D ndi matemba a ku Chilwa

Nkhani ya lero ndi yaitali ndithu, ndiye pezani pokhala. Ndi nkhani ya mafupa. Tiyambira kutali, ku Ulaya, zaka mazana angapo zapitazo, koma musatope, tifika pa Mposa ndi pa Ulongwe pompano.

Mudzi uliwonse uli ndi gogo wamkazi amene kale anali wamtali, wosenza mtolo wa nkhuni mutu uli chilili, koma lero wafupika ndipo msana wawerama. Ena mwa agogo oterewa amangoterereka pakhonde kapena kubafa, kugwa koti mwana akanadzuka n'kumaseka, iwo osadzukanso chifukwa fupa la m'chiuno lathyoka. Timati ndi ukalamba. Ena amafika poloza chala mnansi. Koma matendawa ali ndi dzina, kuchipatala timati osteoporosis. Fupa limaoneka labwinobwino kunja pamene mkati mwafumbwa, monga nsichi yodyedwa ndi chiswe imene imaimabe mpaka tsiku la mphepo. Silipweteka, silitupa, silipatsa malungo. Anthu ambiri amalidziwa tsiku lothyoka. Akatswiri amati pa dziko lonse, mayi mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha vutoli, ndipo kwa abambo ndi mmodzi mwa asanu.

Masiku ano pa Facebook ndi pa WhatsApp pali ogulitsa mabotolo a vitamini D, amene amalonjeza kuti mukamamwa, mafupa anu akhala ngati chitsulo. Musanagulitse nkhuku kuti mugule botolo, mvetserani kaye kumene vitamini ameneyu anachokera ndi vuto limene anabwera kudzathetsa.

Nkhaniyi inayamba ndi ana, osati agogo. M'chaka cha 1650, dokotala wa ku England dzina lake Francis Glisson analemba buku lofotokoza matenda amene ankagwira ana aang'ono: miyendo yopindika ngati uta, timfundo totupa pamkono ndi m'nthiti, mutu waukulu, kuchedwa kuyenda. Matendawa ndi rickets, amene kwathu kuno timawaona ngati matewe aakulu. Mafakitale atachuluka m'zaka za m'ma 1800, anthu anathamangira m'mizinda, n'kumakhala m'nyumba zosanja zothinana, timisewu take topanikizika, kumwamba kutaphimbidwa ndi utsi wa malasha. Ana ankakula osaliona dzuwa. M'mizinda ina ana oposa theka anali ndi zizindikiro za rickets. Umodzi mwa mizinda yoipitsitsa unali Glasgow, ku Scotland komwe kunachokera amishoni amene anamanga Blantyre mu 1876.

Amayi, apa mvetsetsani. Mtsikana amene wadwala rickets ali mwana, mafupa a m'chiuno mwake amapindika ndipo njira ya mwana imachepa. Akakula n'kutenga pakati, kubereka kumavuta, ndipo ambiri ankafa pamodzi ndi khanda. Mu 1888 dokotala wa ku Glasgow, Murdoch Cameron, anayamba kuchita opaleshoni yotulutsa mwana pa amayi oterewa, amayi n'kupulumuka, pa nthawi imene opaleshoniyo inkaonedwa ngati chiweruzo cha imfa. Siza imene lero imachitika ku Liwonde ndi ku Balaka ili ndi mbali ya mbiri yake m'mafupa opindika a atsikana a ku Glasgow.

Chimene chimandikhudza m'mbiri imeneyi n'chakuti yankho linapezeka msanga, koma panalibe womvera. Mu 1822 dokotala wa ku Poland, Jędrzej Śniadecki, anaona kuti ana a mumzinda wa Warsaw akudwala kwambiri kuposa a kumidzi, ndipo anati mankhwala ake ndi dzuwa. Anthu sanalabadire. Patapita zaka pafupifupi 70, Theobald Palm, mmishoni amene anagwira ntchito ya udokotala ku Japan, anabwerera kwawo n'kudabwa kuona ana opindika miyendo paliponse, pamene ku Japan sankawaona. Analembera makalata amishoni anzake ku China, ku India ndi madera ena otentha, kufunsa ngati matendawa aliko. Mayankho anali ofanana: kuno ana ndi osauka, ukhondo ndi wochepa, chakudya n'chosakwanira, koma rickets n'ngosowa. Mu 1890 Palm analemba kuti chosiyanitsa ndi dzuwa. Nayenso sanamvedwe kwenikweni. Madokotala ankafuna kachilombo kapena poizoni, chinthu chooneka ngati sayansi. Dzuwa linkaoneka ngati malangizo a agogo.

Zinthu zinasintha nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Mu 1919 Edward Mellanby ku England anasunga tiagalu m'nyumba, n'kumatidyetsa phala la oats, ndipo tinadwala rickets. Atatipatsa mafuta a chiwindi cha nsomba ya cod, tinachira. Chaka chomwecho ku Berlin, Kurt Huldschinsky anachiza ana powaunikira ndi nyale yotulutsa cheza chonga cha dzuwa. Anapezanso chodabwitsa: ukaunikira mkono umodzi, winawo umachiranso. Ndiye kuti khungu linkapanga chinachake chimene chinkayenda m'magazi thupi lonse. Ku Vienna, kumene ana anali pa njala yoopsa ya pambuyo pa nkhondo, gulu lotsogozedwa ndi mayi wasayansi Harriette Chick linatsimikiza kuti njira zonse ziwiri zikugwira ntchito, mafuta a nsomba kapena dzuwa. Mu 1922 Elmer McCollum wa ku America anasonyeza kuti chochiza m'mafutawo si vitamini A monga ankaganizira, koma chinthu china chatsopano. Popeza zilembo A, B ndi C zinali zitatengedwa kale, anachitcha vitamini D. Posakhalitsa mayiko a kumeneko anayamba kuthira vitaminiyu mumkaka ndi m'majarini, ana n'kumamwetsedwa supuni ya mafuta onunkha aja, ndipo rickets anatsala pang'ono kutheratu.

Tsono vitamini D amagwira ntchito yanji? Fupa limamangidwa ndi mchere wina wotchedwa kashiamu, ndipo 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano. Kashiamuyo amachokera m'chakudya basi, thupi silimupanga. Koma kuti achoke m'matumbo n'kulowa m'magazi, pamafunika vitamini D. Dzuwa likawomba khungu, khungu limapanga vitaminiyu, amapita kuchiwindi, kenako ku impso, komwe amamalizidwa kuti ayambe ntchito. Tingati kashiamu ndi njerwa, vitamini D ndi wotuta njerwazo kuchoka pauvuni kufika pamalo omanga. Ana a ku Glasgow njerwa anali nazo pang'ono, wotuta ndiye panalibe. Sungani fanizoli, tilifunanso.

Mafupa si miyala yongokhala. Tsiku lililonse thupi limagumula pang'ono n'kumanganso pang'ono. Paubwana ndi pachinyamata kumanga kumaposa kugumula, ndipo munthu amafika pachimake cha kulimba kwa mafupa asanakwane kapena akamakwana zaka 30. Kuchokera pamenepo timadya za m'nkhokwe. Magazi akasowa kashiamu, thupi silifunsa, limakatapa m'mafupa, chifukwa mtima ndi minofu sizingagwire ntchito popanda iye.

Za agogo zinachedwa kudziwika. Dzina lakuti osteoporosis, kutanthauza fupa la timabowo, linaperekedwa cha m'ma 1830 ndi Jean Lobstein wa ku Strasbourg, amene ankapima mitembo. Koma kwa zaka 100 madokotala ankangoti ndi ukalamba, monga timanenera ife. Mu 1940 ndi 1941, Fuller Albright wa ku Boston anaona kuti odwala ake othyoka mafupa a msana pafupifupi onse anali amayi amene anasiya kusamba. Anazindikira kuti mahomoni achikazi otchedwa estrogen ndiwo amaletsa thupi kugumula mafupa mopitirira. Mayi akasiya kusamba, mahomoniwa amatsika, ndipo kwa zaka 5 mpaka 10 zotsatira mafupa amatha mofulumira. Mu 1994 bungwe la WHO linakhazikitsa muyeso wodziwira matendawa pogwiritsa ntchito makina otchedwa DXA, ndipo pa 20 October chaka chilichonse dziko limakumbukira matendawa. Makina amenewa simungawapeze pachipatala chaching'ono cha kumudzi, choncho ife timadalira maso: kufupika msinkhu, msana wowerama, kuthyoka pa kugwa kochepa.

Nanga ku Africa kuno? Kwa nthawi yaitali mabuku a zachipatala ankaphunzitsa kuti anthu akuda sadwala matendawa. Mu 1968 Louis Solomon anawerenga anthu othyoka fupa la m'chiuno ku Johannesburg, n'kupeza kuti pakati pa anthu akuda anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a ku Ulaya. Zimene anapezazo zinabwerezedwa kwa zaka zambiri ngati lamulo. Koma kuwerenga kwa m'chipatala kumangoona amene afika kuchipatala. Gogo wothyokera kumudzi, womangidwa timitengo ndi kutemeredwa mphini, sakhala m'kaundula wa aliyense. Komanso nthawi imeneyo ochepa ankafika zaka 70. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa ku South Africa wapeza kuti kuthyoka kwa m'chiuno pakati pa anthu akuda n'kochuluka kwambiri kuposa mmene zinkanenedwera, ndipo ofufuza otsogozedwa ndi Celia Gregson akhala akuwerenga vutoli ku Zimbabwe, ku Gambia ndi ku South Africa komweko.

Ndiye panalinso chikhulupiriro chachiwiri, chakuti kumene kuli dzuwa kulibe rickets. Chimenechi anachigwetsa ndi ana a kumidzi odya chimanga ngati athuwa. Mu 1978 dokotala wa ana John Pettifor, wa pachipatala cha Baragwanath ku Soweto, analemba za ana ochokera kumidzi amene anali ndi rickets koma vitamini D m'magazi mwawo anali wokwanira. Ankasewera padzuwa tsiku lonse. Chakudya chawo chinali nsima ndi ndiwo zochepa, mkaka osauona. Atayamba kudya chakudya chokhala ndi kashiamu, mafupa anayamba kuchira. Mu 1999 ku Jos, m'dziko la Nigeria, Tom Thacher ndi anzake anagawa ana 123 odwala rickets m'magulu atatu: ena anapatsidwa vitamini D yekha, ena kashiamu yekha, ena zonse ziwiri. Amene analandira kashiamu ndiwo anachira bwino kuposa a vitamini D yekha. Anawa ankapeza kashiamu wokwana pafupifupi 200 mg patsiku m'chakudya chawo, wochepetsetsa. Pambuyo pake, mu 2015, gulu lomwelo linasonyeza kuti ufa wa nsomba zouma zosinjidwa ndi minga yomwe umatha kuchiza ana oterewa. Ndipo mu 2016 ofufuza amene anapima ana opindika miyendo ku Blantyre ananena kuti mwa zoyambitsa zake, kusowa kwa kashiamu m'chakudya ndi chimodzi chachikulu.

Mwaona kutembenuka kwake? Ife wotuta njerwa tili naye wambiri, amatuluka m'mawa uliwonse kuseri kwa phiri la Chikala. Chosowa ndi njerwa.

Tiyeni tsono tibwere kwathu, tione mbale yathu. Machinga ndi Balaka linali boma limodzi mpaka 1998, ndipo mbale yake ndi imodzi. Chimanga chimene timati ndi moyo si mbewu ya makolo athu akalekale. Chinachokera ku America, n'kufika kuno kudzera m'malonda a Apwitikizi. Chisanafale, anthu ankadalira mapira, mawere ndi mchewere. Pang'onopang'ono chimanga chinalanda minda, ndipo m'zaka za m'ma 1900 chinapambaniratu. Nthawi ya Kamuzu mlimi wabwino ankadziwika ndi nkhokwe ya chimanga, ADMARC inabwera mu 1971, zigayo zinafika paliponse, kenako makuponi a fetereza kuyambira 2005. Chimanga chatipulumutsa ku njala nthawi zambiri, sindikuchinyoza. Koma pa nkhani ya mafupa n'chosauka kwambiri: magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi kashiamu wosafika 20 mg, pamene mawere olemera chimodzimodzi ali ndi woposa 300 mg. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi 1,000 mg patsiku, ndipo mayi wosiya kusamba amafunika woposerapo. Lero mawere tawasiyira thobwa la pa chinkhoswe ndi pa zinamwali, mwina n'kuthiramo chimera cha chimanga chokhachokha.

Pali kanthu kena kochititsa chidwi. Eni ake a chimanga ku Mexico amachiphika kaye m'madzi a laimu wodyedwa asanachipere, ndipo zimenezi zimachiwonjezera kashiamu wambiri. Mbewu inawoloka nyanja, koma kaphikidwe kake kanatsala. Chonde musakayese ndi laimu wopaka nyumba, ameneyo angakuwotcheni m'mimba.

Ndiye ngati nsima ilibe kashiamu, mkaka sitimwa kawirikawiri, makolo athu a m'zigawo zino mafupa awo ankalimba ndi chiyani? Mbali ina ndi masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, chigwada, denje, ndi mfutso wa m'chilimwe. Koma mbali yaikulu ndi tinsomba todyedwa tathunthu. Matemba a ku Chilwa ndi ku Chiuta, kambuzi wa ku Malombe, usipa ndi bonya wochokera ku Mangochi. Mukadya chambo mumasiya minga pambale. Mukadya matemba mumatafuna mutu, minga ndi zonse, ndipo kashiamu ali momwemo. Kadzanja kamodzi ka tinsomba touma kamaposa kutalitali mbale yodzaza ya nsima. Nsomba zimapatsanso vitamini D pang'ono. Ndiwo imene anthu a m'tauni ankaitcha ya amphawi ndiyo yakhala mkaka wa anthu a ku Ntaja, ku Nselema, ku Nayuchi, mpaka ku Phalula ndi ku Utale kumene imafika pa njinga.

N'chifukwa chake mbiri ya nyanja ya Chilwa ndi mbiri ya mafupa athu. Nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje yochokera m'mapiri monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. M'zaka zabwino yakhala ikupereka gawo lalikulu la nsomba za dziko lino. Koma imauma. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 ambiri a inu munaona mabwato atakhala pa dothi long'aluka. Matemba amapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, madzi akabwerera nawonso amabwerera, koma pamatenga zaka kuti achulukenso. Ku Malombe nako chambo chinatha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha kupha mopitirira. Nyanja ikauma timawerenga asodzi amene ataya ntchito ndi kolera amene amabuka. Palibe amawerenga mtsikana wa zaka 12 amene wadutsa zaka ziwiri kapena zitatu zokula msanga akudya nsima ndi therere lokha chifukwa mulu wa matemba wakwera mtengo. Mafupa ake adzanena zimenezi akadzafika zaka 65. Ndipo inu amene mumasoka maneti a udzudzu kukhala makoka, mukukokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, mukudya ndiwo za adzukulu anu.

Vuto lina lili pa mphasa yodyera. M'makomo ambiri ndiwo zabwino zimayamba kwa bambo, kenako ana aamuna, mayi ndi agogo n'kumaliza ndi msuzi. Komatu amene thupi lake likutapidwa kwambiri ndi mayiyo. Mwana m'mimba amamanga mafupa ake ndi kashiamu wa mayi, ndipo poyamwitsa mayi amatulutsa 200 mg kapena kuposa tsiku lililonse mumkaka. Mafupa a mayi woyamwitsa amachepa mphamvu pang'ono, koma musachite mantha, mwana akasiya kuyamwa amabwerera. Yamwitsani ndithu mpaka zaka ziwiri. Chodetsa nkhawa ndi mtsikana wotenga pakati pa zaka 15, mafupa ake omwe asanamalize kumangidwa, n'kumabereka motsatizana popanda mpata wopuma. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mayi wa ku Machinga amabereka ana 6.6 tikagawa mofanana, pamene dziko lonse anali 4.4. M'mera m'poyamba: fupa limene silinamangidwe pa utsikana n'lovuta kulimanga pa ukalamba.

Pali mankhwala awiri amene ambiri mumandifunsa, ndipo ndiyankha mosabisa. Woyamba ndi jakisoni wolera wa Depo, amene amayi ambiri m'Malawi muno amadalira. Mu 2004 boma la America linalamula kuti pa mankhwalawa palembedwe chenjezo lakuti amachepetsa kulimba kwa mafupa. N'zoona, amatero pang'ono, chifukwa amatsitsa estrogen uja. Koma mayi akasiya, mafupa amabwerera mwakale kapena pafupifupi, ndipo WHO inaunika n'kunena kuti amayi a zaka 18 mpaka 45 akhoza kubayitsa popanda choletsa. Mimba zotsatizana n'zoopsa kuposa jakisoni. Ngati ndinu wamng'ono kwambiri kapena mwayandikira kusiya kusamba, kambiranani ndi anamwino za njira zina monga lupu.

Wachiwiri ndi ma ARV. Boma linayamba kugawa ulere mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba pa dziko lonse kuyambitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe mankhwala kwa moyo wonse. M'mapiritsi ambiri amene akumwedwa muli tenofovir, amene amachepetsako pang'ono kulimba kwa mafupa, makamaka chaka choyamba ndi chachiwiri. Kachilombo nakonso, kakapanda kugonjetsedwa, kamafooketsa mafupa. Musasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha zimene mwawerenga pano. Amayi amene anayamba ma ARV ali ndi zaka 35 mu 2005 lero ali m'zaka za m'ma 50, ali moyo, akulera zidzukulu. Cha m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala zaka pafupifupi 45, lero zapitirira 60. Matenda a mafupa akuoneka tsopano chifukwa anthu akukalamba, ndipo amene ali pa ma ARV angofunika kusamala kwambiri za chakudya ndi kuuza adokotala akathyoka. Owononga mafupa mwakachetechete ndi ena: kachasu, fodya, ndi mapiritsi a prednisolone kapena dexamethasone amene ena amagula pamsika n'kumamwa miyezi yambiri pofuna kunenepa kapena kuziziritsa nyamakazi.

Kodi ndiye kuti vitamini D kwathu kuno alibe ntchito? Ayi, ali nayo. Mu 2020 Reagan Mogire wa ku Kenya ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri a mu Africa, n'kupeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu ali ndi vitamini D wochepa, makamaka okhala m'tauni, amayi ndi makanda obadwa kumene. Khungu lakuda limatenga nthawi yotalikirapo kuti lipange vitaminiyu, ndipo khungu la nkhalamba limapanga wochepa kuposa la mnyamata. Mayi amene amalima, kutunga madzi ndi kupita kumsika manja ndi nkhope zili padzuwa, ameneyo asadandaule. Amene tiyenera kuwaganizira ndi awa obisika: gogo amene miyendo inafooka ndipo amangogona m'kachipinda ka mdima, wodwala sitiroko, mwana wolumala amene makolo amamutsekera m'nyumba poopa maso a anthu, mayi amene akukhala m'nyumba miyezi ingapo pa mwambo wa umasiye. Atulutseni akhale pabwalo m'mawa kapena chakumadzulo, kwa mphindi 20 kapena 30, mikono ndi miyendo ili poyera. Dzuwa lodutsa pagalasi la windo silipanga vitamini D. Amayi amene mumafunda thupi lonse potuluka, kuseri kwa mpanda wa pakhomo panu n'kokwanira. Khanda losakwana miyezi 6 musaliyanike padzuwa lamphamvu, koma inu mayi ake muzituluka. Ndipo abale athu achialubino, malangizo a dzuwawa si anu: pitirizani kuvala zipewa ndi zovala zazitali ndi kudzola mafuta oteteza, chifukwa khansa ya pakhungu ndiyo yoopsa kwa inu. Vitamini D wanu achokere mu nsomba, mu chikasu cha dzira, mu bowa woumitsidwa padzuwa, kapena m'mapiritsi amene achipatala angakulembereni.

Tibwerere ku mabotolo aja. Mu 1992 ku France, ofufuza anapereka kashiamu pamodzi ndi vitamini D kwa amayi okalamba kwambiri oposa 3,000 okhala m'nyumba zosungira nkhalamba, osatulukatuluka. Kuthyoka kwa m'chiuno kunatsika kwambiri. Koma mu 2022 ku America, kafukufuku wa anthu pafupifupi 26,000 athanzi, oyenda okha, anapeza kuti kumwa vitamini D tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi zisanu sikunachepetse kuthyoka ngakhale pang'ono. Piritsi limathandiza amene akusowadi, kwa amene ali naye kale n'kutaya ndalama. Ndipo akachuluka mopitirira, vitamini D satuluka msanga m'thupi, amakweza kashiamu m'magazi mpaka kuwononga impso. Ndalama ya botolo limodzi ingagule matemba a masabata angapo.

Matembawo musamawadule mitu. Akazingeni pang'ono, asinjeni akhale ufa, musefe, muzithira supuni m'phala la mwana kuyambira miyezi 6 ndi m'phala la agogo amene mano anatha. Inu a ku Balaka, malambe amene ana amangoyamwa posewera aja ufa wake uli ndi kashiamu wambiri, thirani m'phala. Masamba a cham'mwamba, chitowe, soya ndi nandolo nazonso zimawonjezera. Amene muli ndi mbuzi ya mkaka, wiritsani mumwe. Ndipo kachigawo ka munda kobzala mawere sikangakusaukitseni. Kuyenda, kulima ndi kusinja kumalimbitsa mafupa, ndiye agogo musawaletse ntchito zonse powamvera chisoni, ingochepetsani zolemera.

Fupa lofooka limadikira kugwa, ndipo agogo ambiri amagwa usiku popita kuchimbudzi. Tochi, ndodo yabwino, njira yosalaza, mwala wa kubafa wopanda ndere, ndi kukapimitsa maso ngati ayamba ng'ala, zonsezi ndi mankhwala a mafupa.

Zikachitika kuti agwa, yang'anani mwendo. Ngati akulephera kuima, akumva ululu m'chiuno kapena m'mphechepeche, mwendo wafupika ndipo phazi lagwera kunja, ganizani kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Musakoke, musathowe, musateme mphini, musadikire kuti tione mawa. Agonekeni pa chinthu cholimba monga chitseko, mangani miyendo yonse iwiri pamodzi ndi zitenje, muike nsalu pakati, n'kupita nawo kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Kumeneko kuli akatswiri a mafupa otchedwa orthopaedic clinical officer. Ntchito yophunzitsa anthu amenewa inayamba mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair, pa nthawi imene dziko lino linali ndi madokotala a mafupa osowa kwambiri, ndipo mpaka lero ndiwo amasamalira anthu ambiri othyoka m'maboma. Iwo adzajambula, n'kuona ngati n'koyenera kuika chikhakha, kumangirira mwendo zolemera kwa masabata angapo, kapena kutumiza ku Zomba Central kapena ku Queens kukachita opaleshoni. Gogo wogona nthawi yaitali amaphedwa ndi chibayo ndi zilonda za pamsana kuposa fupa lenilenilo, choncho wodikirira aziwatembenuza pafupipafupi, aziwakhazika tsonga ngati achipatala alola, ndi kuwamwetsa madzi okwanira.

Amene wathyoka kamodzi pa kugwa kochepa, ngakhale pamkono pokha, ali pa chiopsezo chachikulu chothyokanso. Potuluka m'chipatala funsani ngati mafupawo ndi ofooka, ndiponso ngati akuyenera kashiamu, vitamini D kapena mankhwala olimbitsa mafupa monga alendronate, amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1995. Mwana amene wapitirira zaka ziwiri miyendo ikunka ipindikirabe, pamkono patatupa, liwombo lisanatsekeke, kapena akuchedwa kuyenda, pitani naye kusikelo mukamuonetse, musadikire kuti adzawongoka yekha.